Kontrakiti ya masabata 13 ku Phoenix: mmene tinaiunikira namwino asanasaine

Uthenga unandipeza Lachinayi madzulo ndili pa ntchito. Unachokera kwa namwino wachitsikana amene ndinamulandira ndi kumuzoloweza ntchito atangofika pa wodi yathu ku Houston, m'boma (state) la Texas ku America. Unali wachidule: "Achemwali, andipatsa kontrakiti ku Phoenix, madola 2,300 pa sabata. Akuti ndiyankhe pofika mawa 5 koloko. Ndisaine?" Ndinamuyankha kuti asasaine kanthu, apemphe tsiku limodzi lowonjezera, ndipo awauze kuti amutumizire kontrakiti yonse, osati kachidule kamene anamulembera pa foni.

Ndagwira unamwino ku America zaka zambiri, ndipo zisanu mwa zakazo ndinali namwino woyendayenda, wa makontrakiti a miyezi itatu itatu. Lipotili ndalemba iye atavomera. Dzina lake, la chipatala ndi la ejensi sinditchula. Ndalama zonse zili m'madola a ku America, monga zinalili pa mapepala ake.

Kwa amene ntchitoyi ndi yachilendo, imayenda chonchi. Chipatala chikaperewera anamwino kwa kanthawi, chimabwereka anthu ku ejensi. Ejensi ndiyo imalemba namwino ntchito ndi kumulipira, ndipo chipatala chimalipira ejensi mtengo umene anapangana pa ola lililonse limene namwinoyo wagwira. M'ndalama imeneyo ndi mmene mumachokera zonse: malipiro, alawansi, inshulansi, misonkho ya olemba ntchito ndi phindu la ejensi. Mphika ndi umodzi, ndiye mbale ina ikadzaza dziwani kuti ina yachepekedwa. Komanso makontrakiti amakhala awiri. Ina ndi ya namwino ndi ejensi, ina ndi ya ejensi ndi chipatala, ndipo yachiwiriyi namwino saiona, ngakhale kuti ndiyo imalamula zinthu zambiri zimene zidzamuchitikire.

Namwinoyo ndi mmene zinthu zinalili

Anali atagwira zaka ziwiri ndi theka pa wodi ya odwala wamba ndi a opaleshoni, kuphatikizapo odwala mtima amene amakhala pa makina a telemetry, oonetsa kugunda kwa mtima nthawi zonse. Anali ndi green card, chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito ku America mokhazikika, ndipo mgwirizano wake ndi amene anamubweretsa unali utatha, choncho anali womasuka kusintha ntchito. Laisensi yake ndi ya ku Texas, ya mtundu umene umagwira m'maboma onse a ku America amene ali mu mgwirizano wovomerezana malaisensi a anamwino wotchedwa Nurse Licensure Compact. Arizona, kumene kuli Phoenix, ili momwemo, ndiye sanafunikire laisensi ina. Ikanakhala California, imene sili m'mgwirizanowu, akanayamba wafunsira laisensi ya kumeneko n'kudikira. Ziphaso zake za BLS ndi ACLS, za maphunziro opulumutsa munthu amene mtima waima, zinali zisanathe.

Pa ntchito yake yokhazikika ankalandira madola 38 pa ola, maola 36 pa sabata, kutanthauza 1,368 asanadule msonkho. M'thumba munkalowa pafupifupi 1,080. Anali ndi inshulansi ya chipatala, masiku a tchuthi olipidwa, ndipo abwana ake ankamuwonjezera kangachepe pa ndalama za penshoni. Chimene chinkamukoka n'chomveka: anali ndi ngongole ya galimoto, ndipo ankafuna kusunga ndalama zoti adzapitirize sukulu. Pa maso pake, 2,300 inali yoposa kawiri zimene ankapita nazo kunyumba.

Ntchito inali ya usiku, mashifiti atatu a maola 12 pa sabata, kuyambira pakati pa Febuluwale mpaka pakati pa Meyi.

Kuphwanya madola 2,300

Kontrakiti itafika Lachisanu m'mawa, tinakhala pansi ndi pepala ndi cholembera. Ndalama ya pa sabata inali m'magawo atatu: malipiro a madola 20 pa ola, amene pa maola 36 ndi 720, alawansi ya nyumba 1,120, ndi alawansi ya chakudya 460. Malipiro okha ndiwo odulidwa msonkho. Alawansi, 1,580 yonse, inali yopanda msonkho.

Kagawidwe kotere n'kofala, ndipo pakokha si chinyengo. Ma ejensi sayenera kupitirira malire a alawansi amene bungwe la boma la GSA limalengeza chaka ndi chaka pa mzinda uliwonse, ndipo titayang'ana pa intaneti tinapeza kuti ziwerengero zake zinali pansi pa malire a ku Phoenix. Koma madola 20 pa ola kwa namwino wa digiri ndi ndalama yochepa kwambiri, ndipo kuchepako kumaluma m'malo amene munthu sayang'ana. Ukavulala pa ntchito, chipukutamisozi amawerengera pa malipiro, osati pa alawansi. Ntchito ikatha n'kukapempha thandizo la anthu osowa ntchito, chimodzimodzi. Ndalama za Social Security zimene udzalandire utakalamba zimachokera pa malipiro odulidwa msonkho. Ngakhale banki, ukamakafuna ngongole ya nyumba, nthawi zambiri imaona 720 ija, osati 2,300.

Kenako tinafika pa ovataimu. Kontrakiti inati madola 30 pa ola, kuyambira ola la 41. Maola a pakati pa 36 ndi 40 analipo pa madola 20 okha. Ndinamuuza kuti agawe 2,300 ndi 36. Anapeza pafupifupi 64.

"Ndiye kuti ndikatsala shifiti yachinayi ndilandira zosakwana theka la zimene ndimalandira pa shifiti wamba?"

"Eya, mng'ono wanga. Ndipo chipatala chidzalipirabe ejensi mtengo wake wonse pa maola amenewo."

Apa pali nkhani ya malamulo imene ndinamufotokozera kuti aidziwe pokambirana. Mu 2021 khoti la apilo la Ninth Circuit, limene chigawo chake chikuphatikiza Arizona, linagamula pa mlandu wa anamwino oyendayenda kuti alawansi imene imachepa munthu akaphonya maola imakhala ikugwira ntchito ngati malipiro, ndipo iyenera kulowa powerengera ovataimu. Sitinkafuna kukangana ndi aliyense. Ndinkangofuna kuti akamapempha ovataimu yabwinoko adziwe kuti sakupempha chifundo.

Nkhani ya nyumba ya ku Houston

Apa ndi pamene tinachedwa kwambiri, chifukwa anali atakonza kale zake. Lendi yake ku Houston inali 1,250 pa mwezi. Ankafuna kusiya nyumbayo, kusungitsa katundu kwa msuweni wake, n'kumalemba adiresi ya msuweniyo pa mapepala popanda kulipira kalikonse. Mnzake wina anamuuza kuti bola chipatala chili kutali kuposa mamailosi 50, alawansi ndi yopanda msonkho basi.

Nkhani ya mamailosi 50 yasocheretsa anamwino ambiri. Ndi lamulo la zipatala zina ndi ma ejensi ena posankha amene angamutenge ngati woyendayenda, koma si muyeso wa IRS, bungwe lotolera misonkho. IRS imafunsa ngati uli ndi malo amene ntchito yakuchotsako kwa kanthawi, kutali moti ukufunika kugona kumeneko. Kwa munthu amene alibe malo amodzi ogwirirako ntchito nthawi zonse, imayang'ana zinthu zitatu: ngati umagwirako ntchito ina m'dera limene kuli nyumba yako yeniyeni; ngati ukulipira zogona kawiri chifukwa cha ntchito; ndi ngati dera lakolo sunalisiyiretu, umabwererako ndi kugonako. Ukakwanitsa zonse zitatu, palibe chikaiko. Ziwiri, amaona mmene nkhani ilili. Ukakwanitsa chimodzi chokha, amakutenga ngati munthu amene kwawo ndi kulikonse kumene akugwira ntchito, ndipo alawansi yonse imasanduka malipiro odulidwa msonkho. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: alawansi ndi yobweza ndalama zimene wawononga posunga nyumba ziwiri. Ngati nyumba ndi imodzi, palibe chobweza.

Ejensi inamutumizira fomu yoti asaine kuti ali ndi nyumba yokhazikika kwawo. Ndinamuonetsa kuti ntchito ya fomuyo ndi kuteteza ejensi. Tsiku limene IRS idzafunse, wofunika kutulutsa malisiti a lendi ndi iyeyo.

Pa masabata 13 alawansi inali kukwana 20,540. Ndinamutumiza kwa akauntanti amene amathandiza anamwino oyendayenda, ndipo anamuwerengera kuti msonkho wa ndalama imeneyo, akaphatikiza wa boma lalikulu, wa Social Security ndi Medicare (inshulansi ya boma ya chipatala ya okalamba) umene ndi 7.65 peresenti, ndi wa Arizona umene ndi 2.5 peresenti, ukhoza kufika cha m'ma 6,000. Lendi ya miyezi itatu imene ankafuna kupulumutsa inali 3,750. Kusiya nyumba kunali koluza ngakhale atachita zonse mwachilungamo, ndipo kubisa kukanamuika pa ngozi ya chindapusa. Panalinso china chimene sanachiganizire: laisensi yake yogwira m'maboma ambiri imadalira kuti Texas ndi kwawo kwenikweni. Sizikanakhala bwino kuti maziko a laisensi akhale adiresi yobwereka.

Anasankha kusunga nyumbayo. Anapemphanso abwana ake kuti asamufufute m'kaundula, amusiye pa gulu la anamwino oitanidwa pakafunika, kuti pakati pa makontrakiti azigwirako mashifiti ku Houston. Anavomera. Chotsalira chinali kukumbukira kuti ngakhale Texas sidula msonkho wa malipiro, Arizona imadula, ndipo kumapeto kwa chaka adzafunika kulemba mapepala a msonkho a kumeneko monga munthu wosakhala m'bomalo.

Mzere umene unasintha zonse

Pa tsamba loyamba panalembedwa kuti maola 36 pa sabata ndi otsimikizika. Pa tsamba lachitatu, m'zilembo zing'onozing'ono, panali mawu akuti chipatala chikhoza kumuimitsa shifiti imodzi pa masabata awiri aliwonse odwala akachepa, popanda malipiro, ndipo alawansi idzachepetsedwa molingana ndi maola amene wagwira. Mizere iwiriyi inali kutsutsana, koma wachiwiri ndiwo unali ndi mphamvu.

Shifiti imodzi inali ya madola 240 a malipiro ndi pafupifupi 527 a alawansi, pamodzi 767. M'masabata 13 akanatha kumuimitsa kasanu ndi kamodzi, kutanthauza 4,600. Pa 29,900 ya kontrakiti yonse pakanatsala 25,300.

Iye anati mwina sangamuimitse n'komwe, popeza chipatalacho chikusowa anthu. Ndinamufunsa ngati akudziwa chifukwa chimene chikusowera anthu mu Febuluwale. Nyengo yozizira, ku Phoenix kumafika okalamba ambiri ochokera kumaboma a kumpoto ndi ku Canada pothawa chisanu, ndipo zipatala zimadzaza. Ikamafika Epulo amayamba kubwerera kwawo. Kontrakiti yake inkayamba pamene mabedi ali odzaza n'kudzatha pamene odwala akuchepa. Mzere wa pa tsamba lachitatu sunalembedwe mwangozi, ndipo odwala akachepa woyamba kuimitsidwa ndi woyendayenda, chifukwa ndiye wodula.

Tinawerengera ngati kuti zonse zaipa. Pa 25,300 tinachotsa nyumba ya ku Phoenix yokhala ndi mipando kale, 1,900 pa mwezi, miyezi itatu 5,700. Mitengo inali itakwera chifukwa cha alendo omwewo. Ulendo wa pa galimoto wa mamailosi pafupifupi 1,200 kupita kokha pa msewu wa I-10 unali kudya pafupifupi 700 kupita ndi kubwera, ndipo ejensi inkabweza 500 yokha. Inshulansi ya ejensi inkayamba pa 1 Epulo, pamene ya ku ntchito yakale inali kutha kumapeto kwa Febuluwale. Mwezi wa Malichi akanakhala wopanda chitetezo pokhapokha atalipira yekha kudzera m'lamulo la COBRA, limene limalola munthu kupitiriza inshulansi yakale ndi ndalama zake, ndipo limamupatsa masiku 60 oti asankhe. Kwa iye unali madola 640. Msonkho wa malipiro unali pafupifupi 1,400. Panatsala 17,360. Lendi ya ku Houston sitinaiwerengere chifukwa akanailipira ngakhale atakhala.

Koma kontrakiti ikatha munthu sayamba ina m'mawa mwake, ndipo tchuthi cha woyendayenda salipira. Tinaika masabata awiri opanda ntchito, kukhala 15. Pa ntchito yake yakale, masabata 15 akanamubweretsera 16,200 m'thumba. Kusiyana kwake kunali 1,160, kosakwana madola 100 pa sabata, ndipo apo n'kuti atataya zowonjezera za penshoni ndi masiku a tchuthi. Akanapanda kumuimitsa ngakhale kamodzi, phindu likanakhala pafupifupi 5,500.

Anakhala chete kwa kanthawi akuyang'ana pepalalo. Kenako anati, "Ndiye phindu lonse lili m'mashifiti asanu ndi imodzi amenewa." Ndi mmene zinalilidi, ndipo kuyambira pamenepo tinadziwa chofunika kulimbira pokambirana.

Panali mizere ina iwiri ya mtundu womwewo. Iye akadwala n'kulephera kupita ku ntchito, alawansi ya tsikulo imadulidwa. Ndipo chipatala chikhoza kuthetsa kontrakiti nthawi iliyonse popanda chenjezo, pamene iye ankafunika kupereka masabata awiri. Amene tinali m'ntchitoyi nthawi ya COVID-19 tikukumbukira mmene malipiro anakwerera mu 2020 ndi 2021, ndi mmene mu 2022 anthu ankalandirira foni pakati pa kontrakiti kuti avomere malipiro otsika kapena alongedze katundu. Ine ndemwe zinandichitikira, nditalipira kale lendi ya miyezi itatu yosabwezedwa. N'chifukwa chake ndinamuumiriza kuti nyumba ya ku Phoenix ikhale yolipira mwezi ndi mwezi, ngakhale itakwererako pang'ono.

Wodi yeniyeniyo

Ndalama zikhoza kukhala bwino koma ntchito n'kukulanda laisensi. Chimene chinandidetsa nkhawa kuposa masamu onsewa n'chakuti anamupatsa ntchito popanda kulankhula ndi aliyense wa ku chipatala. Anangoona mapepala ake n'kuvomera. Masiku ano zimachitika kawirikawiri, koma ine sindilola munthu amene ndamuphunzitsa kupita ku wodi imene sanamve liwu la mkulu wake. Recruiter, munthu wa ku ejensi amene amasaka anamwino ndi kuwapatsa makontrakiti, si namwino nthawi zambiri, sanapondeko pa wodiyo, ndipo amalandira zake munthu akasaina. Sindikunena kuti ndi wabodza. Ambiri amene ndagwira nawo anali anthu abwino. Koma zimene amadziwa za wodi ndi zimene anauzidwa.

Anapempha foni ya mphindi 15 ndi manejala wa wodi, ndipo Loweruka m'mawa anaimba. Mafunso tinakonzeratu. Usiku namwino mmodzi amasamalira odwala angati? Manejalayo anati asanu, nthawi zina asanu ndi mmodzi. Ku California lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2004 limaika malire: lero namwino mmodzi sapitirira odwala asanu pa wodi wamba, anayi pa telemetry, awiri ku ICU. M'maboma ena ambiri chiwerengerochi chili m'manja mwa chipatala, ndiye mawu a manejala ndiwo okhawo amene munthu ali nawo. Kodi namwino woyang'anira shifiti amakhala ndi odwala ake? Anati inde, atatu. Yankho limeneli ndi lofunika kuposa mmene limamvekera, chifukwa limatanthauza kuti 3 koloko usiku wodwala akasintha, munthu amene mlendo angathamangireko nayenso ali m'chipinda cha wodwala wake. Othandizira anamwino alipo usiku? Awiri pa wodi yonse. Otenga magazi? Amabwera m'bandakucha, koma zadzidzidzi namwino amatenga yekha. Gulu lothamangira wodwala amene wafooka mwadzidzidzi lilipo usiku wonse? Lilipo. Pa kompyuta amalemba za odwala ndi pulogalamu ya Cerner, pamene mng'ono wangayu anazolowera ya Epic, ndipo kuzoloweza ntchito kunali maphunziro a pa kompyuta ndi shifiti imodzi yotsatira namwino wina.

Manejalayo anayankha mosabisa, ndipo zimenezi zinatilimbitsa mtima. Anavomeranso kumulumikiza ndi namwino wina woyendayenda amene anali pa wodiyo kale. Ameneyo ndi amene anatiuza zimene sizinali pa pepala lililonse. Kontrakiti inati akhoza kutumizidwa kukathandiza wodi ina iliyonse "yogwirizana ndi luso lake" m'zipatala za kampaniyo, zimene iwo amati floating. Namwino uja anati oyendayenda amasamutsidwa pafupifupi sabata iliyonse, nthawi zina pakati pa shifiti, kawirikawiri ku wodi ya odwala ongotuluka ku ICU, ndipo ena anatumizidwapo ku chipatala china cha kampaniyo, ulendo wa mphindi 40 pa galimoto.

Wodi ya ongotuluka ku ICU imakhala ndi odwala amene ali pa diripi ya mankhwala a mtima ofunika kukweza ndi kutsitsa molingana ndi kuthamanga kwa magazi. Mng'ono wangayu anali asanagwirepo ntchito imeneyo. Mawu akuti "yogwirizana ndi luso lake" amasiya chigamulo m'manja mwa woyang'anira chipatala wa usiku, amene ali ndi mabedi odzaza ndipo sakumudziwa. Namwino akalandira wodwala amene sangathe kumusamalira, zikalakwika bungwe la anamwino limafunsa iyeyo chifukwa chake anavomera. Ndipo ukakhala mlendo, wopanda aliyense wokuikira kumbuyo, kukana pakamwa pokha n'kovuta. Ndinkafuna kuti akane ndi pepala m'manja.

Zimene tinapempha ndi zimene tinapeza

Lolemba analembera recruiter imelo. Ndinamuuza kuti zonse zidutse m'malemba, ndipo akalankhula pa foni alembe imelo yobwereza zimene amvana. Lonjezo limene silinalowe m'kontrakiti, recruiter akasiya ntchito limapita naye.

Anapempha kuti kumuimitsa kusapitirire mashifiti atatu pa kontrakiti yonse, ndi kuti alawansi isadulidwe ngati woimitsa ndi chipatala, popeza lendi siichepa chifukwa odwala achepa. Anapempha madola 60 pa ola lililonse lopitirira 36. Anapempha kuti kusamutsidwa kukhale ku mawodi wamba ndi a telemetry okha, m'chipatala chomwecho. Anapempha kuti masiku awiri mu Epulo amene anali ndi ulendo wofunika alembedwe. Anapemphanso inshulansi kuyambira tsiku loyamba, ndi chenjezo la masabata awiri chipatala chikafuna kuthetsa kontrakiti.

Ankaopa kuti amulanda mwayiwo. Ndinamuuza kuti n'zotheka, ndi kuti ntchito imene ingathe chifukwa chofunsa mafunso amenewa ndi yofunika kuisiya. Tsiku lomaliza limene anamupatsa linali litadutsa kale masiku atatu ndipo palibe anachotsa kanthu.

Ejensi inavomera za mashifiti atatu, za alawansi ndi za ovataimu, koma inatsitsa alawansi ya nyumba ndi madola 50, ndiye ya pa sabata inakhala 2,250. Mphika uja ndi umodzi. Za kusamutsidwa ndi za masiku awiri zinatenga tsiku lina chifukwa zinkafunika chilolezo cha chipatala, koma zinalowa. Inshulansi anakana, akuti ndi lamulo la kampani kwa aliyense. Chenjezo la masabata awiri anakananso, chifukwa mgwirizano wawo ndi chipatala sunkalola.

Iye anakhumudwa ndi madola 50 aja. Tinawerengeranso. Pa kontrakiti yoyamba zinthu zikaipa akanalandira 25,300. Pa yatsopano, 2,250 kuchulukitsa ndi 13 ndi 29,250, kuchotsapo malipiro a mashifiti atatu, 720, kutsala 28,530. Anataya 650 pamwamba n'kukweza pansi ndi ndalama zopitirira 3,000. Maganizo anga anali akuti asaine, ndipo ndinamuuza choncho, koma ndinamuuzanso zimene zinatsala zosatetezedwa: odwala asanu ndi mmodzi usiku ndi ambiri kwa munthu amene akuphunzira kompyuta yatsopano, ndipo kontrakiti ikhoza kutha tsiku lililonse. Anafunika kukhala ndi ndalama za miyezi iwiri pambali asananyamuke. Anali ndi za mwezi umodzi ndi theka. Anasaina Lachitatu.

Mmene zinayendera

Pali chimene ndinaphonya, ndipo ndikuchilemba kuti wina asachiphonye. Chitsimikizo cha maola sichinkagwira pa sabata yozolowera ntchito. Mawuwo analipo, m'ndime ina yokamba za maphunziro, ndipo ndinawadutsa. Sabata yoyamba anagwira maola 28 okha, ndipo anamudula maola asanu ndi atatu, malipiro ndi alawansi, madola 500. Malipiro oyambawo anafika kumapeto kwa sabata yachiwiri, iye atalipira kale lendi ndi dipoziti ya 1,000. Masiku amenewo anali othina, ndipo ndikanayenera kumukonzekeretsa.

Masabata awiri oyamba ankatuluka mochedwa chifukwa cha kulemba pa Cerner, kenako anazolowera. Odwala asanu ndi mmodzi sanali a "nthawi zina" monga ananenera manejala. Mu Malichi anali pafupifupi usiku uliwonse, ndipo ankandiimbira m'mawa atatopa kwambiri. M'sabata yachisanu ndi chiwiri woyang'anira wa usiku anamuuza kuti apite ku wodi ya ongotuluka ku ICU. Anayankha mwaulemu kuti sanaphunzire kusintha mankhwala a mtima a pa diripi, ndipo anaonetsa ndime ya m'kontrakiti pa foni yake. Woyang'anirayo sanakondwe, koma anatumiza namwino wina wa luso limenelo, iye n'kupita ku telemetry. Sanamufunsenso za wodi imeneyo.

Mpaka pakati pa Epulo sanamuimitse ngakhale kamodzi. M'masabata anayi omaliza anamuimitsa kanayi. Katatu koyamba anataya madola 240 okha pa shifiti, alawansi inabwera yonse. Kachinayi anamulipira zonse atatumiza imelo imodzi yokumbutsa. Anagwiranso mashifiti awiri owonjezera mu Malichi pa madola 60 pa ola. Popanda kuwerengera awiriwo, kontrakiti inamubweretsera 28,030.

Itatsala pang'ono kutha, anamupempha kuti awonjezere masabata ena 13 pa madola 1,980 pa sabata, ndi mzere wakale uja wa shifiti imodzi pa masabata awiri utabwereranso. Nthawiyi masamu anachita yekha, ine anangonditumizira chithunzi cha pepala. Anaonaponso za nthawi: IRS imati ntchito ya pamalo amodzi imene ikuyembekezeka kupitirira chaka si ya kanthawi, ndipo alawansi imayamba kudulidwa msonkho. Miyezi isanu ndi umodzi sikanafika pamenepo, koma ngati akufuna kudzabwerera ku Phoenix nyengo yozizira ikubwerayi, pamene malipiro amakhala abwino, anafunika kusunga miyezi yake. Anakana kuwonjezera, anabwerera ku Houston, ndipo mwezi wa Juni wonse anagwira mashifiti pa wodi yake yakale. Ngongole ya galimoto anaitsiriza mu Julayi.